Ndulu ya amayi akuti yabooka nkulumikizana ndi thumbo, tivomere opaleshoni?

A Admin chonde bisani dzina. Abale ndithandizeni maganizo mutu wanga sukugwira. Amayi anga ali ndi zaka 68, akhala akutsegula m'mimba miyezi 7 tsiku ndi tsiku, kuonda kwake chitenje chikuchita kuwazungulira kawiri. Tinkangoti mwina ndi madzi a pachitsime, tawamwetsa Flagyl, Thanzi, mankhwala a njoka za m'mimba koma osasintha. Mwezi watha anayamba kutentha thupi ndi kunjenjemera, maso achikasu, malungo osawapeza, ndiye anatitumiza kuchipatala chachikulu komwe anawajambula m'mimba ndi makina a CT.

Adokotala akuti mu ndulu muli miyala yomwe yakhalamo zaka, ndulu yakhala ikutupatupa mpaka inamatirira ku thumbo lalikulu lomwe limadutsa pansi pa chiwindi nkubooka kanjira, ndiye madzi a ndulu akumangothira m'thumbomo nchifukwa chake kutsegulaku sikukutha, komanso tizilombo ta m'matumbo tikumakwera kupita ku chiwindi. Akufuna achotse ndulu yonse, adule kanjirako, asoke thumbo. Koma anatiuziratu kuti akapeza pataonongeka kwambiri adzadula kachigawo ka thumbo, mwinanso kuwaika kathumba ka chimbudzi pamimba kwa kanthawi. Apa mpamene amalume akanitsitsa, akuti munthu wamkulu ngati uyu sang'ambidwa, komanso opanda ndulu adzadya bwanji. Amayi eni ake angoti zili kwa inu ana anga. Alipo anazionapo izi?

Namwino wa ku theatre: Pepani asisi. Auzeni amalume kuti madzi a ndulu amapangidwa ndi chiwindi, ndulu ndi kathumba kongosungira, ikachoka munthu amadya nsima yake bwinobwino, kungochepetsa zamafuta masiku oyamba. Chondiopsa ine ndi kutentha thupi ndi chikasucho, zimenezo zimatha kusonyeza tizilombo tomwe tikhoza kulowa m'magazi. Komanso mwala waukulu ukhoza kudutsa pa kanjirako nkukatseka thumbo kumunsi, apo opaleshoni imakhala yadzidzidzi usiku ndipo ndi yoopsa kuposa yokonzekera.

Mayi wina: Azakhali anga anachotsedwa ndulu, pano akulima ngati kale. Koma awo inali miyala yokha, thumbo silinakhudzidwe.

Wolemba: A nesi zikomo, nanga ija yoboola timabowo ndi kamera singatheke? Ndikuopa chilonda chachikulu chifukwa ali ndi BP.

Namwino wa ku theatre: Imatheka, koma pomatirirana chonchi nthawi zambiri amayamba ndi kamera kenako nkutsegula ndithu kuti aone bwino, musadzaone ngati alakwitsa. Funsani ngati ayeza kuundana kwa magazi, odwala otere vitamini K, yemwe amathandiza magazi kuundana, amatha kuchepa ndiye amawabaya kaye asanalowe. Funsaninso ngati nduluyo adzaitumize ku labu, pa msinkhu umenewu amafuna kutsimikiza kuti mulibe khansa. Za BP mukambirane ndi ogonetsa odwala ku theatre aja, amabwera kudzawaona opaleshoni isanachitike.

Bambo wina: Amalumewo musalimbane nawo pa foni, atengeni akamve okha kwa dokotala. Ndipo amayi afotokozeredwe m'Chichewa pang'onopang'ono, thupi ndi lawo, osangowasainira.

Wolemba: Zoona bambo, za kathumba zija sitinawauze nkomwe, timaopa kuti akana. Lachinayi tikupita tonse ndi amalume, amayi ndiwauza usiku uno tikatha kudya.