Masekondale a boma kwathu ku Dedza: akukhoza ndani, nanga akuphunzirako ndi ana a ndani?

Bambo_a_Tadala:
Abale ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi wakhoza sitandade 8 ndipo amusankhira ku CDSS (sekondale yoyendera) ya mdera lathu kuno ku Dedza. Tinasangalala inde koma mtima sukukhazikika, chifukwa chaka chilichonse a MANEB akatulutsa zotsatira za MSCE maina omwe timawamva ndi omwewo, Dedza Government, Mtendere, pomwe ma CDSS athuwa zii, mwina mwana mmodzi kapena awiri ndi omwe amapita ku yunivesite. Nde funso langa ndi loti vuto ndi aphunzitsi kapena ana athu akumudziwa? Ndigulitse mbatatesi ndimupezere pulaiveti kapena angopita komwe amusankhirako?

Mphunzitsi_wa_Bayo:
Bambo a Tadala, ine ndaphunzitsa ku CDSS zaka zambiri nde ndikuuzani mmene zilili. Musamafanizire sukulu pongoona mapointi a fomu 4, yambani mwafunsa kuti fomu 1 analowamo ndani. Masankhidwe ake amayenda chonchi: ana omwe akhoza kwambiri PSLCE amatengedwa kaye kupita ku ma national, a boma alipo 4 okha dziko lonse, Dedza, Blantyre Secondary, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government, kuphatikiza a mishoni omwe boma limathandiza ngati Mtendere ya ma Marist Brothers. Kenako ma district boarding ngati Umbwi amatenga otsatira, ife a CDSS timalandira otsalawo a m'mapulaimale ozungulira. Nde mukaona Dedza Government yakhozetsa dziwani kuti anyamata ambiri mmenemo si a kuno, ena ndi a ku Karonga ena ku Nsanje, sukuluyo inangomangidwa pa Dedza mu 1951 koma ndi ya dziko lonse.

Ndipo ma CDSS ambiri poyamba anali ma DEC, malo ophunzirira a MCDE (koleji ya maphunziro a patali) aja, anangowasintha dzina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ana atachuluka chifukwa cha pulaimale yaulere ya 1994, koma labu, laibulale, nyumba za aphunzitsi sizinabwere limodzi ndi dzinalo. Ine ndakhalapo ndi kalasi yomwe mwana amaona maikulosikopu koyamba tsiku la pulakitiko ya mayeso, zimandiwawa mpaka pano chifukwa ena mwa ana amenewo anali ndi mutu kwambiri.

NaPhiri:
Aphunzitsi anena zoona koma pali china chomwe mapepala a zotsatira saonetsa. Ine ndinadutsa pa CDSS konkuno. Fomu 1 tinayamba atsikana ndi anyamata pafupifupi chiwerengero chofanana, pofika fomu 4 atsikanafe timatha kukhala mabenchi awiri okha. Ena mimba, ena banja, ena fizi, ena anangotopa ndi mtunda poti umadzuka kusanache utunge madzi kenako uyende maola awiri, ukafika mkalasi ndi tulo basi. Anyamatanso amasowa nthawi yokumba mbatatesi kapena kuwoloka malire kukagwira ganyu ku Mozambique. Nde ukamva kuti sukulu yakuti akhoza ambiri funsanso kuti anayamba angati, chifukwa amawerenga okhawo omwe akhala pansi kulemba.

Chomwe ndikupempheni bambo, ngati sukuluyo ili kutali ndipo ilibe hositelo, za selofu bodingi muganize kawiri. Ine ndinakhalako, tinkachita lendi kachipinda atsikana 4 pa tiledingi senta opanda wamkulu wotiyang'anira, ufa ukatha pakati pa mwezi ndi pomwe mavuto amayambira, anzanga awiri sanamalize. Bola njinga ngakhale yakale, mwana azigona pakhomo. Paja Inkosi Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri kwawo kuja nkuwabwezera kusukulu, ndipo lamulo loti mtsikana akabereka abwerere kusukulu lilipo kuyambira kale, koma kubwerera kwake ndi kovuta, mwana umusiyira ndani.

Chikondi_Linthipe:
Ine ndisiyane pang'ono ndi aphunzitsi. Masankhidwe ndi oona koma tisabisale kumeneko, ma CDSS omwewo amasiyana. Ndikudziwa masukulu awiri oyandikana, ana ochokera midzi yofanana, ina ahedi amaonetsetsa kuti silabasi yatha ndipo fomu 4 imatsala masana kuwerenga, inayo aphunzitsi mphamvu zawo zimathera ku open sukulu ya masana ija poti kuli kangachepe. Zotsatira zake sizifanana ngakhale pang'ono. Nde pitani nokha mukaone, mufunse ahedi kuti aphunzitsi a masamu, fizikisi ndi kemisitiri alipo angati komanso ngati anaphunziradi zimenezo ku koleji, mufunsenso kuti chaka chatha ndi angati anapeza makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi poti a NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, posankha ana a ku yunivesite za boma amayambira pamenepo, kungoti mwana wakhoza MSCE sikokwanira. Za pulaiveti samalani, ena ndi nyumba yogulitsiramo katundu anangoikamo mabenchi, mufunse ngati inalembetsedwa ku unduna komanso ngati ili ndi senta nambala ya MANEB.

Mphunzitsi_wa_Bayo:
Achimwene a ku Linthipe sindikukana, za open zo nanenso ndaziona. Kungoti mphunzitsi mmodzi akamaphunzitsa bayo kuyambira fomu 1 mpaka 4 ndi agirikacha yomwe, kuchonga makope kokha kumamutengera wikendi yonse.

Bambo_a_Tadala:
Zikomo nonse, makamaka mayi NaPhiri, za selofu zo tinali titayamba kale kukambirana ndi mayi ake chifukwa sukuluyo ili patali ndithu, kuwoloka dambo lomwe limadzaza nthawi ya dzinja. Lolemba ndipita ndikaonane ndi ahedi ndi mafunso mwandipatsawa. Pali yemwe akudziwa ngati mwana atakhoza bwino JCE angathe kupempha malo ku boarding fomu 3, ndipo kalata yake imapita kwa ndani, ku division ya Central West ku Lilongwe kapena kwa a DEM, mkulu wa zamaphunziro, pa boma pompano?