Alamu ya simukhadi ya nyumba ya kumudzi, shedi ndi khola: ndigule yotani?

Wofunsa

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikufuna kuika alamu yoyendera simukhadi panyumba ya kumudzi, komwe kulibe waya wa foni kapena intaneti. Pamalopo pali nyumba yogona ya njerwa, shedi ya malata okhaokha momwe muli pampu ndi zipangizo (mamita 40 kuchokera panyumba), nyumba yosungiramo zokolola ya zitseko ziwiri zikuluzikulu (mamita 90), ndi khola. Magetsi ali panyumba pokha, ndipo amathimathima, pena tsiku lathunthu. Netiweki m'nyumba imakhala timizere tiwiri, panja titatu. Ndaona ma alamu olembedwa GSM, obwera ndi masensa (tizipangizo tozindikira chitseko chikatsekulidwa kapena munthu akadutsa) opanda waya, ogulitsa akuti amafika mamita 100. Angagwire ntchito amenewa? Ndiyang'ane chiyani ndisanatulutse ndalama?

Mmisiri wa ma alamu

Achimwene, masensa asiyeni kaye, yambani ndi netiweki. Ambiri mwa ma alamu otchipa olembedwa GSM amagwira 2G yokha, pomwe makampani a foni m'maiko ambiri akuzimitsa 2G ndi 3G. Tsiku lomwe adzaizimitse kwanuko, alamuyo idzangotsala belu, palibe yemwe idzamuimbire. Gulani ya 4G, yotha kubwerera ku 2G pomwe ikadalipo, ndipo mufananize mabandi (magulu a mafunde a netiweki) olembedwa pabokosi ndi omwe kampani yanu ya foni imagwiritsa ntchito.

Timizere ta pafoni musatikhulupirire, foni iliyonse imatiwerengera mwa njira yakeyake. Pa Android lowani mu Settings, About phone, SIM status, muona nambala ya dBm, yoonetsa mphamvu ya netiweki. Imani penipeni pomwe mukufuna kukhoma bokosi la alamu, zitseko ndi mawindo zili zotseka. Pa 4G, -90 ndi bwino, -100 ikwanira, koma ikafika -110 kapena kupitirira mauthenga adziduka. Yesani simukhadi za makampani onse ofika kumeneko, m'mawa, usiku, ndiponso kukugwa mvula. Ma alamu ambiri amaonetsa okha nambala ya mphamvu ya netiweki yotchedwa CSQ, yoyambira 0 kulekeza 31. Ikakhala pansi pa 10 musayembekezere zabwino, funani 15 kupita m'mwamba.

Ikachepa, mankhwala ake ndi eriyo ya panja, choncho sankhani bokosi lokhala ndi pomangira eriyo. Ikwezeni ipitirire denga, iloze ku nsanja ya netiweki ngati ili ya mtundu woloza mbali imodzi. Waya wake akhale wamfupi, mamita 5 kapena kucheperapo ngati ndi wopyapyala uja, chifukwa waya wautali amadya mphamvu yonse yomwe eriyo yakoka. Pomwe pamafika makampani awiri, bokosi lolowa simukhadi ziwiri ndi labwino kwambiri.

Membala wina

Kuwonjezera pamenepo: chotsani PIN pa simukhadi musanaiike mu alamu. Mukaisiya, magetsi akathima n'kuyakanso bokosi limangokhala duu, kudikira PIN yomwe palibe woilemba. Komanso simukhadi yothira mayunitsi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imaitseka. Funsani kuti amatseka pakapita masiku angati, ndipo muitchere alamu kuti izitumiza uthenga wodziyesa tsiku lililonse kapena kamodzi pa sabata. Uthengawo ukapanda kubwera mwadziwa kuti zinthu zalakwika.

Mmisiri wa ma alamu

Eetu. Tibwere ku mamita 100 aja. Amayeza pabwalo lopanda kanthu, sensa ndi bokosi zikuonana. Khoma lililonse la njerwa limadulako, ndipo malata ndiye amatchinga kwambiri. Sensa yomwe ili m'shedi ya malata okhaokha, chitseko chitatsekedwa, itha kulephera ngakhale mamita 20.

Koma vuto lalikulu si mtunda. Masensa otchipa a 433 MHz ambiri amangotumiza, samva yankho, ndipo amalankhula pokhapokha aona kanthu. Batire likatha, kapena wina akaizula n'kukaitaya kutchire, bokosi silidziwa chilichonse. Inu muzigona mtima uli m'malo pomwe shedi ilibe mlonda kwa miyezi. Mufunseni wogulitsa funso ili: "Ndikachotsa batire m'sensa, bokosi lindiuza pakapita nthawi yaitali bwanji?" Akayamba kuzungulira, kagulani kwina. Pa mapepala chimenechi amachitcha supervision: sensa imadzionetsera kwa bokosi pafupipafupi, ikasowa mumalandira uthenga. Onaninso kuti bokosi limazindikira wina akamasokoneza mafunde dala ndi kachipangizo kotchinga.

Ngati mwasankha opanda waya, pa nyumba za malata chitani chonchi: chitseko chikhale ndi maginito a waya (sensa yoona chitseko chikatsekulidwa), wayayo atuluke kudzera pakhoma kukafika ku kotumizira komwe mwakaika kunja, m'kabokosi ka pulasitiki kosalowa madzi, mbali yoyang'ana kunyumba. Repeater, kachipangizo kolandira mafunde n'kuwapititsa patsogolo, imathandiza, koma nayo imafuna magetsi ndi batire lakelake.

Wa zamagetsi

Ine pa shedi ya mamita 40 ndingati kokani waya basi. Waya safuna mabatire, malata samutchinga, ndipo wosokoneza mafunde alibe naye chochita. Kumbani ngalande yozama pafupifupi theka la mita, waya adutse m'paipi ya PVC yomata bwino molumikizira, potulukira mutseke kuti makoswe ndi nyerere zisalowe. Pansi pa nthaka pasakhale polumikiza waya, ndipo asayende m'paipi imodzi ndi waya wa magetsi. Tengani wa nsinga 6 kapena 8 ngakhale lero mukufuna 4 zokha, kukumbanso kumawawa.

Resistor ya kumapeto, kachipangizo komwe bokosi limadziwira kuti waya sanadulidwe kapena kugundanitsidwa, ikakhale mkati mwa sensa, ku shedi. Amisiri aulesi amaimangirira m'bokosi la alamu momwemo, ndiye wakuba akagundanitsa nsinga panjira alamu imaona ngati zonse zili bwino. Kukula kwake kumasiyana, ena 2.2k, ena 4.7k, ena 5.6k, tsatirani buku la bokosi lanu.

Pa mamita 90 samalani ndi kutsika kwa mphamvu. Waya wamba wa alamu wa 0.22 mm² wa kopa ali ndi ma ohm pafupifupi 8 pa mamita 100. Kupita ndi kubwera pa mamita 90 ndi ma ohm 14 kapena 15. Sensa yodya 20 mA itaya 0.3 V yokha, palibe vuto. Koma sairini yofuna 1 A singalire pa waya ameneyo, 12 V yonse ithera m'njira. Sairini ya kutali izikhala ndi batire lakelake, waya azingoitchaja ndi kuiuza nthawi yolira. Ndipo palani nsinga imodzi ndi mpeni musanagule: ikayera mkati ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa, amataya mphamvu kwambiri komanso amathothoka msanga pachinyezi.

Mmisiri wa ma alamu

Bambo, za waya ndikuvomera, koma mwasiya mphezi. Waya wa mamita 90 pakati pa nyumba ziwiri amakoka mphamvu ngakhale mphezi itagwa chapatali, ndipo choyamba kupsa ndi bokosi. Waya wotero amafuna zotetezera kumapeto konse kuwiri ndi ndodo ya earth yokhomedwa bwino. Pa shedi waya ndi wabwino. Pa nyumba ya zokolola ine ndingasankhe zopanda waya za supervision, kapena kabokosi kachiwiri koima pakokha ndi simukhadi ndi sola yakeyake. Bokosi lolandira zonse ziwiri, za waya ndi zopanda waya, ndi lomwe likuyenera malo anuwa.

Wa zamagetsi

Pamenepo tagwirizana. Za kuthima kwa magetsi, achimwene, werengerani nokha musanamvere wogulitsa. Phatikizani ma mA (magetsi omwe chipangizo chimadya) a chilichonse cha waya. Tiyerekeze bokosi ndi kiyipadi (polembera nambala yotchera ndi kumasula alamu) 180 mA, masensa anayi 15 mA iliyonse, ndi zina zing'onozing'ono, zonse pamodzi 300 mA. Batire lofala m'ma alamu ndi la 12 V 7 Ah. Papepala 7 kugawa ndi 0.3 ndi maola 23, koma batire la lead mukamalikhetsa mpaka pansi limafa msanga, ndiye werengerani theka, maola 11 kapena 12. Tsiku lathunthu silikwana.

Chomwe ambiri sachiona ndi tchaja ya m'bokosi. Ndi yaing'ono, batire lokhetsedwa limafuna maola oposa 10 kuti lidzaze. Magetsi akamabwera maola ochepa n'kuthimanso, batire silidzaza, tsiku lililonse limayambira pansipo, ndipo lomwe likanatha zaka 3 mpaka 5 limatha chaka chisanakwane. Kutentha kwa pansi pa malata nakonso kumalifupikitsa moyo.

Kwanuko ikani sola. Pa 300 mA mumadya 7.2 Ah patsiku. Sola ya 50 W imapereka pafupifupi 2.8 A dzuwa likaswa mtengo, maola anayi otero ndi 11 Ah, yakwana ndi kutsalako. Kuti mupirire masiku atatu a mitambo osapitirira theka, batire likhale la 40 mpaka 45 Ah, ndi regulator (kachipangizo koyang'anira kutchaja) pakati pa sola ndi batire. Onani kaye m'buku ngati bokosi limalola 12 V yochokera kunja, chifukwa ena amafuna thiransifoma ya AC yokha. Batire lalikulu musalimangirire ku tchaja ya m'bokosi, siingalidzaze. Timabokosi ta pulasitiki tokhala ndi kabatire ngati ka foni timangotha maola ochepa.

Wofunsa

Zikomo kwambiri akuluakulu, mwanditsegula maso. Nanga m'khola ndi mosungira zokolola ndiike masensa otani? M'menemo makoswe, mileme ndi amphaka sizisowa.

Woweta ziweto

M'khola musaikemo PIR, sensa yoona zoyenda ija, muzidzuka usiku uliwonse. PIR imaona kutentha koyenda, sisiyanitsa munthu ndi mbuzi. Ngakhale zolembedwa kuti sizilabadira nyama yosapitirira makilogalamu 20 kapena 25 zimatero nyamayo ikakhala pansi. Mphaka akakwera pa matumba, kapena khoswe akadutsa pa mtanda pafupi ndi sensa, imamuona ngati chinthu chachikulu. Nalimata woyenda pagalasi lake ndi kangaude womanga mkati nazonso zimachititsa alamu kulira, ndiye bowo lolowera waya mulimate ndi silikoni.

Tetezani khomo, osati chipinda. Pa zitseko zikuluzikulu, timaginito tating'ono ta m'nyumba sitithandiza: timafuna mpata wosapitirira masentimita awiri, pa chitsulo mpatawo umacheperanso, ndipo mphepo ikagwedeza chitseko alamu yalira. Gulani achitsulo a mpata waukulu, a masentimita 4 kupita m'mwamba, okhala ndi waya wovala chitsulo. Chitseko chilichonse chikhale ndi akeake, mkati, kumtunda, mbali yotsekukira. Konzani kaye mahinjesi ndi loko kuti chitseko chisamasewere.

Mosungira zokolola, poti wakuba atha kukanganula lata osakhudza chitseko, ikani sensa imodzi ya mitundu iwiri, PIR ndi microwave pamodzi, yomwe imalira zonse ziwiri zikavomerezana. Ikhale mamita 2.1 mpaka 2.4 kuchokera pansi, pakona, isayang'ane windo kapena lata lotentha ndi dzuwa, ndipo munthu aziidutsa chopingasa, chifukwa wobwera molunjika imachedwa kumuona. Masana otentha kwambiri, mkati mukafanana ndi kutentha kwa thupi, PIR imafooka, muiyese nthawi imeneyonso. Za moto, m'malo a fumbi sensa ya utsi imanama, ikani ya kutentha.

Membala wina

Pozungulira khola ma beam (masensa a pamizati iwiri otumizirana kuwala kosaoneka, alamu imalira wina akadutsa pakati) amagwira bwino, a mizere iwiri kapena inayi kuti mbalame kapena tsamba lisalize. Olembedwa mamita 60 muwaike pa mamita 40, nkhungu ndi mvula yamphamvu zimadya mtunda. Mizati ikhale yothira simenti, ndipo udzu wa pakati muzitchetcha.

Wofunsa

Funso lomaliza. Bokosi ndiliike pati, ndipo lizindidziwitsa bwanji? Nthawi zambiri ndimakhala kutali.

Mmisiri wa ma alamu

Osati pakhomo. Ma alamu omwe kiyipadi, sairini ndi simukhadi zili m'chinthu chimodzi amadziulula okha: wakuba akalowa chimayamba kulira pi-pi-pi kudikira nambala, iye n'kuchiphwanya masekondi odikirawo asanathe, uthenga usanatuluke. Pakhomo pakhale kiyipadi yokha. Bokosi likhale m'chipinda chamkati chokhoma, chomwe sensa yake ilibe nthawi yodikira. Nthawi yolowera isapitirire masekondi 20 kapena 30, ndipo shedi, khola ndi mosungira zokolola zizilira pompopompo. Waya wa eriyo naye asalendewere pofikira dzanja.

Gawani malowo pawiri, nyumba payokha, za kunja pazokha, kuti usiku muzitchera za kunja anthu ali m'nyumba. Zone iliyonse, ndiye kuti malo aliwonse okhala ndi sensa, muipatse dzina lomveka, uthenga uzinena kuti "chitseko cha shedi", osati "zone 5".

Alamu iziimba foni ndi kutumizanso SMS. SMS yokha imatha kuchedwa ndipo sidzutsa munthu. App ndi yabwino potchera ndi kumasula, koma imadalira data ndi seva ya kampani, isakhale njira yokhayo. Ikani manambala atatu kapena anayi, loyamba likhale la munthu yemwe angafike pamalopo m'mphindi zochepa, lanu libwere pambuyo. Ameneyo asapite yekha kukakumana ndi akuba, adzutse anzake ndi kuimbira apolisi. Nambala ya alamu muisunge m'foni iliyonse ndi kaliridwe kakekake, ndipo muilole kulira ngakhale foni ili pa Do not disturb.

Samalani ndi voicemail. Ma alamu ena akamva kuti foni yayankhidwa amasiya kuimbira ena, ngakhale woyankhayo ali makina. Sankhani yomwe imafuna kuti woyankha adine batani kuti ileke, apo ayi zimitsani voicemail pa manambala onsewo. Sairini ya panja ikhale pamwamba, ya batire lake ndi swichi yolira ikatsekulidwa, izisiya yokha pakatha mphindi 3 mpaka 5.

Musanamalize kumulipira mmisiri, yesani naye izi muli pomwepo: zimitsani magetsi muone ngati uthenga ubwera, chotsani batire m'sensa ya kutali kwambiri mudikire uthenga wa kusowa kwake, tsegulani chitseko chilichonse zitseko zina zonse za malata zili zotseka, kenako zimitsani foni yoyamba muone ngati yachiwiri ilira. Zomwezi muzibwereza kamodzi pamwezi.