Ndakatulo 38 ndipo pafupifupi zonse zikulalikira, ndichite bwanji?

Mkonzi_Wapanikizika: Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi ndakatulo 38 zoti zilowe m'buku, bungwe lina ndilo likulipira kusindikiza, mutu wake ndi nkhanza za m'banja. Wosindikiza akufuna zonse sabata yamawa. Ndawerenga kawiri ndipo zimene ndinganene kuti ndi ndakatulo ndi 5 basi. Zinazo ndi uthenga wa pachikwangwani umene angouduladula m'mizere. Ikuyamba ndi "tiyeni tonse", ikutha ndi "tiyeni tonse". Woyankhula palibe, munthu woti umuone m'maso palibe, ndi "inu abambo" "inu amayi" kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza. Theka lake zikukalipira chikhalidwe ngati ndi chilombo chochokera kuthengo. A bungwe akondwa nazo, akuti uthenga ukumveka. Koma pachikuto pakhala dzina langa. Ndibweze kwa eni ake? Ndikonze ndekha? Nthawi palibe.

Wakale_Pantchito: Achimwene, vuto ine sindikuliona. Uthenga ukumveka, sindikizani. Zining'a mukuzifunazo zinali za nthawi ya mantha. Mlakatuli Jack Mapanje ankabisala kumbuyo kwa bilimankhwe m'ndakatulo zake chifukwa choopa Censorship Board, bungwe la boma loletsa mabuku, ndipo ngakhale anabisala choncho anamangidwabe mu 1987, nakakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda mlandu kukhoti. Lero akuletsani ndani kunena kuti mwamuna asamenye mkazi? Nenani mosabisa, mayi amene akumenyedwayo amve.

Mayi_Mphunzitsi: Bambo Wakale, mayi amene akumenyedwayo akudziwa kale kuti kumenyedwa n'koipa. Safunika ndakatulo kuti imuuze zimenezo. Chimene sanachimvepo ndi munthu wina akunena zimene iye amamva mumtima chitseko chikagogodedwa usiku. Ine m'kalasi ndimaona. Ndikawerenga ya "tiyeni tonse" ana amagwedeza mitu, belu likalira aiwala. Ndikawerenga yonena za mwana mmodzi amene akubisa mbale zosweka kuti amayi ake asafunsidwe, kalasi imati zii, ndipo wina amatsalira kuti andiuze kanthu.

Mkangano umenewu ndi wakale kuposa tonsefe. Plato, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Greece wakale, m'buku lake la Republic, anafuna kuti alakatuli ambiri asaloledwe mumzinda wabwino chifukwa amagwedeza mtima kuposa nzeru. Ankangolola nyimbo zotamanda milungu ndi anthu abwino, ndiye kuti ndakatulo za uthenga wovomerezeka, zofanana ndi zimene bungwe lanulo, a Mkonzi, lakondwa nazo. Wophunzira wake Aristotle anayankha kuti ndakatulo ili pafupi ndi filosofi kuposa mbiri yakale, poti mbiri imanena zimene zinachitikira munthu wakutiwakuti, pamene ndakatulo imanena zimene zingachitikire aliyense. Koma imafika kwa aliyenseyo podzera mwa munthu mmodzi. Olemba anu 33 adumpha munthu mmodziyo, angothamangira kwa aliyense.

Mkonzi_Wapanikizika: Mayi ndikugwirizana nanu koma Aristotle sandithandiza pofika Lachisanu. Ndichite chiyani ndi 33 zimenezi?

Mlakatuli_Wapawailesi: Chimene musachite ndi kukonza nokha. Ine zinandionekera. Ndinatumiza ndakatulo kwa mkonzi wina, anandichotsera ndime yonse yachitatu naikapo mizere yake inayi yokhala ndi chibwereza chokongola, osandiuza. Ndinadzaiona itatuluka kale. Anthu ankandiyamikira mizere imene sindinalembe, ndipo mzere umene ndinaulirira polemba unali utapita. Mpaka lero sindimatumizako kanthu. Kalembedwe ka mawu, zizindikiro, mzere wothyoka molakwika, konzani. Koma mukayamba kuika chithunzi chanu m'ndakatulo ya mwini, yasanduka yanu, ndipo mwaisainitsa dzina la wina.

Wakale_Pantchito: N'chifukwa chake ndikuti sindikizani mmene zilili. Olembawo anena zakukhosi kwawo. Ife akonzi timafuna kuti aliyense alembe ngati wa ku yunivesite.

Mayi_Mphunzitsi: Sananene zakukhosi, bambo. Anena zimene akuganiza kuti wolipira akufuna kumva. Zakukhosi zikanakhala zosiyana munthu ndi munthu, sizikanafanana 33.

Mkonzi_Mnzanu: Ine njira imene inandithandizapo ndi iyi, ngakhale siigwira kwa onse. Osabweza ndakatulo ndi ndemanga yaitali, sawerenga, ena amangokhumudwa. Imbani foni, funsani funso limodzi: "Pamene mumalemba, mumaona ndani?" Pafupifupi aliyense ali naye. Wina ati mlongo wanga, wina ati mayi amene tinkakhala naye moyandikana. Kenako mufunse kuti anavala chiyani tsiku limenelo, ananena chiyani, manja ake anali kuchita chiyani. Muwauze alembe zimenezo mizere 12, osaikamo mawu oti "nkhanza" ngakhale kamodzi. Ena abwera ndi chinthu chamoyo tsiku lomwelo. Ena abweretsa yomweyo atangosintha mutu. Amenewo asiyeni.

Koma chenjerani kwambiri apa. Mukawatsegula choncho, ena amalemba zenizeni mopitirira. Ine wina anandibweretsera ndakatulo yabwino koopsa, koma aliyense womudziwa akanazindikira kuti akunena za ndani, ntchito ya mwamunayo inalimo, chilema chake chinalimo. Mkazi wake anali adakali m'nyumba imeneyo. Tikanasindikiza, amene akanalipira ndi mayiyo, osati ife. Tinakhala pansi n'kusintha zonse zomuzindikiritsa, ndipo wolembayo anakapempha kaye chilolezo kwa mwini nkhani. Funsani aliyense: munthu ameneyu alipo? Akudziwa kuti mwalemba?

Mlakatuli_Wapawailesi: Zoona zimenezo. Pawailesi n'zoopsa kuposa m'buku, chifukwa amene akunenedwayo akhoza kukhala akumvera limodzi ndi mkazi wakeyo.

Wakale_Pantchito: Mwaona? Ndakatulo ya munthu mmodzi mukuitamayo ndi imene ikuika anthu pangozi. Ya "tiyeni tonse" sinapweteketsepo munthu.

Mkonzi_Mnzanu: Akulu, zoti siipweteka munthu ndikuvomera. Koma tandiuzani amene inamutembenuza mtima.

Wakale_Pantchito: Nanga ya zining'a inatembenuza ndani? Malamulo amasinthidwa ndi anthu oyankhula momveka. Ine ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri, mabuku a ndakatulo zakuya amangodyedwa ndi chiswe m'makatoni.

Mayi_Mphunzitsi: Palibe amene wanena za zining'a, bambo, inu nokha ndi amene mukubwerera pamenepo. Kunena momveka ndi kulalikira n'zosiyana. Mlakatuli wa ku Russia Anna Akhmatova anaima pamzere kunja kwa ndende ku Leningrad miyezi 17 mwana wake ali m'kati, nthawi ya Stalin. Ndakatulo yake ya Requiem ilibe chobisika chilichonse, ikunena za azimayi a pamzerewo. Anzake ankailoweza pamtima pepala n'kuliwotcha, chifukwa kuisunga kunali kuika moyo pachiswe. Munthu sangaloweze chikwangwani n'kuika moyo wake pangozi chifukwa cha icho.

Ndibwerere kwa a Mkonzi pa nkhani ya chikhalidwe, chifukwa ine ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa zonse. Ndakatulo ikati "chikhalidwe chathu n'choipa", womvera amamva kuti agogo ake akutukwanidwa, ndipo amatseka makutu nthawi yomweyo. Chonsecho chikhalidwe chomwecho chili ndi mawu akeake odzudzulira wankhanza, miyambi ilipo, nyimbo zilipo. Wolemba amene watenga mawu amenewo akudzudzula ali m'nyumba, ndipo n'kovuta kumuthamangitsa. Onani zimene mlakatuli wa ku Uganda Okot p'Bitek anachita mu Song of Lawino, imene inatuluka m'Chingerezi mu 1966 koma anayamba kuilemba m'chiyankhulo chake cha Acholi. Mkangano wonse wa zakale ndi zatsopano anauika m'kamwa mwa mkazi mmodzi amene akudandaula za mwamuna wake wophunzira amene akumunyoza. Mlakatuli sanaimirire kuti alangize mtundu. Anangomusiya Lawino ayankhule, ndipo anthu akukanganabe za iye mpaka pano.

Mkonzi_Wapanikizika: Chabwino, mafoni ndiyesa usiku uno, koma anthu 33 sindingawathe. Mwina 15. Nanga a bungwe ndiwauza chiyani buku likachepa? Pamgwirizano tinalemba 38.

Mkonzi_Mnzanu: Musawauze pafoni, lembani kalata, ndipo muwatumizire ziwiri moyandikana, yakale ndi yolembedwanso, adzionere okha. Komanso onani bwino mgwirizanowo ngati ukunena kuti womaliza kuvomereza ndi ndani. Ngati ndi iwo, akhoza kubwezeretsa zonse zimene mwachotsa, dzina lanu lili pomwepo. Ine zinandichitikira, anaonjezera ndime yothokoza bungwe kumapeto kwa ndakatulo ya mwini.

Mlakatuli_Wapawailesi: Ndipo amene muwasiye kunja muwauze nokha buku lisanatuluke. Asadzamve kwa anzawo. Ambiri mwa iwo n'koyamba kutumiza, mukawasiya mwakachetechete salembanso.

Wakale_Pantchito: Ndi zimene ndakhala ndikunena. Anthu 18 muwagwetsa mphwayi chifukwa cha Aristotle. Sindikizani zonse, owerenga asankhe okha.

Wongoyamba_Kumene: Pepani akuluakulu kulowerera, ine ndili ndi funso lina pang'ono. Bungwe likalipira kusindikiza, umwini wa ndakatulo umakhala wa wolemba kapena wa bungwe? Yanga inalowa m'buku lotere chaka chatha, tsopano ndikufuna kuiika m'buku langalanga.

Mkonzi_Mnzanu: Zitengera chimene munasainira. Pepalalo muli nalo?

Wongoyamba_Kumene: Sitinasainirane kanthu, anangotiuza pamsonkhano kuti titumize.