Ndithandizeni maganizo: zovala za mvula za ana okwera phiri la Mulanje

Moni nonse a pagulu pano. Ndine mayi wa ana awiri, mtsikana wa zaka 12 ndi mnyamata wa zaka 9, timakhala ku Blantyre. Sukulu akatsekera tikufuna kukwera nawo phiri la Mulanje pamodzi ndi bambo awo, ulendo wa masiku atatu: kunyamuka pa Likhubula m'munsi mwa phiri kukagona ku kanyumba ka alendo ka ku Chambe, m'mawa mwake kulowera ku kanyumba kena ka ku Lichenya, tsiku lachitatu kutsika. Ku Sapitwa, nsonga yaitali koposa ya phirili, sitikufikako, mamita 3,002 aja adikire ana akule kaye. Wolondolera njira ndi onyamula katundu tikawapeza pa Likhubula pomwepo, zimenezo sizikundivuta. Chimene chikundisowetsa tulo ndi chovala cha mvula.

Chifukwa chake ndi ichi. Chaka chatha mu Julayi tinakayenda nawo pa phiri la Zomba. Kunacha bwinobwino, kumwamba kuli mbee. Tili cha ku Chingwe's Hole nkhungu inangotulukira, kenako chiperoni, mvula ya mawawa ija yosamveka kugwa koma yonyowetsa mpaka chamkati. Mnyamatayu anavala karenikoti kapulasitiki kamene ndinagula mu shopu ina m'tauni, kabuluu, kojambula tiabakha. Lisanathe ola kanang'ambika kukhwapa, pomwe lamba wa chikwama amakhula. Kumunsi anavala jinzi. Udzu wa m'mbali mwa njira unali utasenza madzi, ndiye jinzi ija inamwa kuyambira mu akakolo mpaka m'chiuno. Mwana wolongolola uja anangoti zii. Nditamugwira, dzanja lili zizilizi, milomo yada, mano akugundana, zala zikukanika ngakhale kumanga chingwe cha nsapato. Ndinamuvula zonyowazo n'kumufunditsa chitenje changa ndi juzi ya bambo ake, iwo n'kumubereka mpaka pa galimoto. Tsiku limenelo galimoto inali pafupi. Ku Lichenya kulibe galimoto yoti n'kuthamangirako.

Ndazungulira pa kaunjika ku Limbe kawiri. Majekete a ana alipo ndithu, koma ena alembedwa waterproof, ena water resistant, ena ali ndi manambala ngati 5,000 mm, ogulitsa onse akuti "amayi, iyi madzi salowa". Alamu anga akubwera kuchokera ku Johannesburg mwezi wamawa ndipo akuti atha kundigulira zatsopano za mtundu wa K-Way kapena wa Quechua wa mu shopu ya Decathlon, koma ndalama yake si yamasewera, komanso ana a msinkhu uwu chaka chimodzi chokha chovala chathina. Ndiye inu amene munakwerapo ndi ana, thalauzi ya mvula ndi yofunikadi, kapena jekete yaitali ikwanira? Nanga poncho, yongoponya pamutu n'kuphimba ndi chikwama chomwe ija? Ndipo ya pa kaunjika ndingaidziwe bwanji kuti idakali ndi moyo ndisanapereke ndalama? Chonde ndithandizeni, sindikufuna kudzaonanso milomo ya mwana wanga itada chonchija.

Bambo wina wa ku Mulanje, wolondolera alendo m'phiri:

Mayi, mwachita bwino kufunsa nthawi ilipo. Ngati ndalama ikukwanira chinthu chimodzi chatsopano, gulani thalauzi. Anthu ambiri amabwera ndi jekete yabwino, kumunsi jinzi, ndiye amavutika ndi miyendo. Pamwamba pa phiri njira zambiri ndi zazing'ono, zodutsa m'udzu, ndipo udzu umene kwa inu ukufika m'mawondo, mwana wa zaka 9 ukumufika m'chiuno. Ngakhale mvula isagwe, mame okha a m'mawa amunyowetsa. Mbali ya Lichenya ndiyonso imalandira mvula kwambiri chifukwa mphepo ya chiperoni, yochokera ku Mozambique, imayambira kugunda kummwera kwa phiri. Pezani thalauzi yokhala ndi zipi m'munsi, yoti avale pamwamba pa inzake osavula nsapato, chifukwa nyengo ikatembenuka simukhala ndi nthawi yokhazika mwana pa mwala wonyowa.

Poncho kwa mwana ine ndimakaniza. Mphepo ikawomba imafufuma, imakola m'zitsamba, ndipo potsika pa miyala yoterera mwana saona pomwe akuponda. Chinanso: m'chikwama cha mwana aliyense muyalemo jumbo yaikulu yolimba, zovala zonse mkati, kumanga pakamwa. Muikemo juzi, thalauzi ndi masokosi zogonera zokha, zoti zisatuluke panjira ngakhale alire bwanji. Ku Chambe ndi ku Lichenya kuli alonda amene amakoleza moto, mukafika mwana asinthe msanga, zonyowa muyanike pataliko ndi moto chifukwa nsalu zimenezi zimasungunuka.

Mayi wina wogulitsa kaunjika ku Lilongwe:

Asisi, musamvere pakamwa pathu, mverani manja anu. Itembenuzeni jeketeyo kunja kukhale mkati. Yang'anani misoko yonse, makamaka pamapewa ndi pomwe chipewa chalumikizana ndi khosi. Yeniyeni imakhala ndi katepi komatidwa pamwamba pa msoko uliwonse kutseka mabowo a singano. Katepi kakasowa, kapena kayamba kumatuka, madzi adzalowera pomwepo ngakhale nsalu ikhale yokongola bwanji. Kenako tikitani mkatimo ndi chala. Ikamayoyoka tinthu toyera ngati gaga, kapena ikamanata, kapena ikununkha chiwawasa, yatha imeneyo, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Tengani botolo la madzi, pangani kachithaphwi pa nsalu, dikirani pang'ono muone kunsi. Wogulitsa wokhulupirira katundu wake sakukanizani. Ndipo funsani tsiku limene amatsegula belo mukalawire, zabwino zimatha m'mawa.

Mayi wina wokhala ku Glasgow:

Kuno mvula ndi ya tsiku ndi tsiku ndipo ana amasewera panja chonchobe, ndiye ndawonongapo ndalama zambiri ndisanaphunzire. Yolembedwa water resistant imangopirira kamvula kochepa, ku phiri musaidalire. Manambala aja amapima chonchi: amaimika chubu pa nsalu n'kumathiramo madzi mpaka atayamba kudutsa. 5,000 mm ndiye kuti nsaluyo inapirira madzi otalika mamita asanu. Kwa mwana wosenza chikwama musatsike pamenepo, ndipo mukapeza ya 10,000 mm ndi bwino koposa, chifukwa malamba akamapanikiza pamapewa, kapena mwana akakhala pansi ponyowa, madzi amakankhidwira mkati.

Koma achemwali, chimene chinamupweteka mwana wanu ku Zomba si renikoti yokha, jinzi ija inathandizira. Jinzi ndi ya thonje, ndipo thonje likanyowa siliuma msanga ndipo limachotsa kutentha m'thupi. Mkati avale malaya a mpira aja a polyester, pamwamba pake juzi ya fleece (yofewa, yopepuka, youma msanga ija), kenako jekete. Thalauzi ikhale ya trakisuti yopepuka. Zonsezi pa kaunjika zili mbwee. Jekete ikhale yopyapyala, yopanda thonje lofunditsa mkati, chifukwa chitunda chochokera pa Likhubula adzatuluka thukuta, ndipo thukuta limanyowetsa chimodzimodzi ndi mvula. Za rabala zochindikala zija madzi salowadi koma mpweya sutuluka, n'zabwino kusewerera pakhomo, osati kukwerera phiri maola anayi. Saizi tengani yokulirapo kamodzi kuti juzi ilowe, osapitirira, thalauzi yokwekwa pansi imapunthwitsa. Mnyamatayo adzalowa m'zovala za mlongo wake, ndiye sankhani mtundu woti onse angavale, wowala ngati wofiira kapena wachikasu kuti m'nkhungu muzimuona. Pochapa osathira mankhwala ofewetsa zovala, osafikisa pa mwala. Ndipo mwana wonyowa akangokhala chete, akumaphunthwa kapena kuyankhula mosokoneza, musadikire kufika: imani, msintheni, mpatseni chakumwa chotentha cha shuga.

Bambo wina wa ku Phalombe:

Ife tinakula tikupita kusukulu titafunda thumba la feteleza, kapena tsamba la nthochi pamutu. Sindikunyoza ayi, ndikungoti musasiye ulendo chifukwa chosowa za ku Joni. Ana aone phiri lawo.

Bambo wolondolera alendo uja:

Zoona akulu, nafenso tinafunda matumba omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti pobwera kusukulu tinkafikira pa moto wa amayi. Kumtunda kuja ndi mamita pafupifupi 2,000, miyezi ya chisanu usiku udzu umachita kuyera ndi chisanu, ndipo pakati pa Chambe ndi Lichenya palibe mudzi woti n'kuusapo mvula. Thumba la feteleza litengeni ndithu, koma likhale lokutira chikwama.

Mwini funso:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwereza. Dzulo ndinabwereranso ku Limbe ndi botolo langa la madzi. Majekete anayi oyamba onse anayoyoka gaga mwanena uja, asisi, ena ndikanagula ndithu chifukwa kunja amaoneka atsopano. Yachisanu ndi yofiira, matepi ali bwino, yamukwana mtsikana atavala juzi mkati. Kunyumba ndinamuimika m'bafa, chikwama kumsana, n'kumamuthira madzi ndi kapu kuyambira pamutu. Malaya amkati anatuluka ouma kupatula kadontho kamodzi paphewa lamanzere, pomwe katepi kamatuka pang'ono, kutalika ngati chala. Ndinaganiza zopita nayo kwa atelala, koma bambo ake akuti singano ingowonjezera mabowo. Mathalauzi awiri ndawauza alamu agule atsopano, a zipi m'munsi, ndawatumizira kale miyezo ya m'chiuno ndi kutalika kwa mwendo. Jekete ya mnyamata ndikusakabe, Loweruka ndilawirira belo. Nanga paphewa paja pamatidwe ndi chiyani? Alipo amene anamatapo katepi kotere n'kugwira, kuti ngati ndi guluu wapadera ndiwauziretu alamu asananyamuke?