Golf ya dizilo ya 2012: chinyengo cha utsi cha Volkswagen chija chikumukhudza bwanji wogula lero?

Nachisale_Leeds

Moni nonse. Kuno ku UK magalimoto a dizilo a Volkswagen (VW) a 2010 mpaka 2014 atsika mtengo kwambiri. Paja mu 2015 kampaniyi inagwidwa ikuchita chinyengo pa mayeso a utsi wa magalimoto ake, kenako inayamba kuwakonza ndi kulipira eni ena chipukuta misozi. Pali Golf 1.6 TDI ya 2012 imene tikufuna kugula kuti tiitumize kumudzi, ndipo wogulitsa akuti "ya utsi ija inakonzedwa kale". Akadaulo tithandizeni. Chinyengocho chinali pati kwenikweni? Kukonzako kunasintha chiyani mu injini, ndipo tiyang'ane pati tisanapereke ndalama? Nanga chipukuta misozi chija wogula lero angachipeze?

Mbewe_TDI

Mayi Nachisale, tiyambe ndi gwero lake, chifukwa mukalimvetsa, mavuto a galimotoyo muwamvetsanso.

Injini ya dizilo ikamapsereza mafuta pa moto waukulu imakoka bwino, imamwa pang'ono, mwaye umachepa. Koma moto womwewo ndi umene umapanga mpweya wa NOx, wowononga mapapo. Kuti NOx ichepe, valavu ya EGR imabweza gawo la utsi kuti ulowenso mu injini n'kuziziritsa motowo. Mukatero NOx imatsika koma mwaye umachuluka. Mukapondereza mbali imodzi, inayo imadzuka.

A VW anaika pulogalamu mu kompyuta ya injini za mtundu wa EA189 yoti izizindikira kuti galimoto ili pa makina opimira utsi. Poyesa, matayala amazungulira pa liwiro lodziwika kale, kwa nthawi yodziwika kale, galimoto ili malo amodzi. Kompyuta ikaona zimenezi inkatsegula zochepetsa NOx mokwanira. Ikangobwerera pamsewu inkazifooketsa. Ofufuza a West Virginia University ndi amene anaona kusiyanako mu 2014, atamangirira zida zopimira pa magalimoto n'kumayenda nawo pamsewu weniweni. Pa 18 September 2015 bungwe loteteza chilengedwe la ku America, EPA, linaulula nkhaniyi, n'kunena kuti ena mwa magalimotowo ankatulutsa NOx yoposa mlingo wololedwa mpaka maulendo 40. VW inavomera kuti magalimoto pafupifupi 11 miliyoni padziko lonse anali ndi pulogalamuyi, a Audi, Skoda ndi Seat omwe. Ku UK okha analipo pafupifupi 1.2 miliyoni. Golf mukunenayo ili m'gulu lomweli.

Makaniko_Phiri

A Mbewe alongosola bwino. Ine ndilowe pansi pa boneti.

Ku Ulaya kukonza kwake kunali kopepuka. Injini za malita 1.2 ndi 2.0 anangozisintha pulogalamu. Ya 1.6 anaisintha pulogalamu n'kuwonjezera kapaipi kapulasitiki kokhala ndi kaukonde, kamene amakaika pakati pa bokosi la sefa ya mpweya ndi sensa yoyeza mpweya wolowa, kuti sensayo iziwerenga molondola. Palibe chida chatsopano choyeretsera utsi chimene anaika. Ndiye NOx inatsika bwanji? EGR inayamba kugwira ntchito yochuluka kuposa kale, ndipo kaponyedwe ka mafuta kanasinthidwa.

Apa ndi pamene panachokera madandaulo. Eni magalimoto ambiri ananena kuti atakonzetsa, valavu ya EGR inayamba kufa msanga, galimoto n'kumataya mphamvu pamsewu. VW inakana kuti kukonzako ndi kumene kunkaononga, komabe inalonjeza kusamalira madandaulo okhudza zida 11 za EGR, za mafuta ndi za ekizosi kwa miyezi 24 kuchokera tsiku lokonza. Kwa galimoto yokonzedwa mu 2016 kapena 2017, nthawi imeneyo inatha kalekale. Chikawonongeka lero, thumba ndi lanu.

Mmene zimayendera n'chonchi. Mwaye ukasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umapanga phala lakuda lomata valavu ya EGR ndi njira zolowera mpweya. Mwaye wotsala umakodwa mu sefa ya mu ekizosi, DPF. Sefayo ikadzaza, kompyuta imaponya mafuta owonjezera kuti ekizosi itenthe kufika pafupifupi madigiri 600, mwayewo upse. Mukazimitsa injini ntchitoyi ili mkati, ena mwa mafuta aja amatsikira mu oyilo. Oyilo amasungunuka, mlingo wake umakwera m'malo motsika, ndipo tebo ndi ma beyaring'i amayamba kudyeka. Galimoto yongoyendera timaulendo ta makilomita asanu m'tauni ndi imene imavutika kwambiri.

Musanagule chitani izi:

1. Onani nambala ya injini pa sitika ya m'buku la sevisi kapena m'buti pafupi ndi tayala la sipeya. CAYC ndi 1.6 ya EA189; CBAB ndi CFFB ndi za 2.0.
2. Funsani umboni wa ntchito ya 23R7, nambala imene VW inapatsa kukonzaku. Wogulitsa magalimoto a VW wovomerezeka angakuuzeni mukamupatsa nambala ya chasisi.
3. Lumikizani kompyuta yoyezera, muone manambala a zovuta amene ikuonetsa. P0401 ikutanthauza kuti EGR sikudutsitsa utsi mokwanira. P2002 ndi P2463 zikuloza ku DPF. Makaniko awerengenso phulusa limene launjikana mu DPF. Mwaye umapsa, koma phulusa silipsa, ndipo likadzaza sefayo iyenera kutsukidwa ndi makina kapena kusinthidwa.
4. Solani ndodo ya oyilo. Akapitirira mzere wapamwamba ndipo akununkha dizilo, samalani.
5. Pisani chala m'kamwa mwa ekizosi injini itazizira. Galimoto ya DPF yabwino sisiya mwaye wambiri. Chala chikatuluka bii, sefayo inasweka kapena wina anaiboola.

Funsaninso ngati EGR inasinthidwapo. Pa 1.6 valavuyi inalumikizana ndi choziziritsira chake ndipo ili kuseri kwa injini, malo opanikiza. Ntchito yoifikira imadya maola ambiri, choncho risiti yosonyeza kuti inasinthidwa posachedwa ndi ndalama ndithu.

Nachisale_Leeds

Zikomo kwambiri a Phiri. Ena akuti ikafika kumudzi tingochotsa DPF ndi EGR yomwe, mavuto athe. Mukutipo bwanji?

Makaniko_Phiri

Ku UK musayerekeze: kuyambira February 2014 galimoto yochotsedwa DPF imalephera MOT, mayeso a chaka ndi chaka oona ngati galimoto ili yoyenera pamsewu. Kumudzi anthu amachitadi zimenezo, koma ine sindingakulimbikitseni. Kuboola sefa osasintha pulogalamu kumachititsa kompyuta kudula mphamvu, ndipo pulogalamu yosinthidwa mwachisawawa imaononga ma injekita ndi tebo. Chachikulu, mwaye wonse uja umathera m'mapapo mwa ana oyenda m'mbali mwa msewu ndi amayi ogulitsa malonda pamenepo.

Njira yabwino ndi kuisamala. Oyilo akhale wa 5W-30 wolembedwa VW 507.00, wosasiya phulusa lambiri. Oyilo wamba wa malole amatseka DPF msanga. Musadikire nthawi yaitali yosinthira oyilo ya ku Ulaya. M'fumbi la kwathu sinthani oyilo pa makilomita 10,000 kapena asanakwane. Injinizi anazipangira dizilo wa ku Ulaya wa sulfure wosapitirira magawo 10 pa miliyoni (10 ppm), ndiye thirani pa filing'i sitesheni yodalirika, osati wa m'zigubu, chifukwa madzi ndi zinyalala zimapha pampu. Nyali ya DPF ikayaka, yendetsani mphindi 15 mpaka 20 pa liwiro loposa makilomita 60 pa ola, injini ikuzungulira maulendo cha m'ma 2,000 pa mphindi, mpaka nyaliyo izime. Ngati galimotoyo izingozungulira m'tauni, gulani ya petulo.

Gondwe_zamalamulo

Pa chipukuta misozi, mayi, musayembekezere kanthu. Mu May 2022 VW inagwirizana zolipira mapaundi 193 miliyoni kwa anthu pafupifupi 91,000 a ku England ndi Wales, koma anali okhawo amene analowa nawo mlandu wa gulu wosumira VW. Wogula lero akugula nkhani ikudziwika kale. Ku Germany nakonso khothi lalikulu linagamula mu 2020 kuti ogula chinyengocho chitaululika kale alibe cholandira.

Chimene chimandiwawa ndi kusiyana kwa mmene eni magalimoto anawachitira. Ku America mgwirizano wa 2016 unafika madola 14.7 biliyoni: VW inkagulanso galimoto kapena kuikonza, n'kuwonjezerapo madola 5,100 mpaka 10,000 kwa mwini aliyense. Mu 2017 inavomera mlandu n'kulipira madola 4.3 biliyoni, ndipo mmodzi wa mabwana ake, Oliver Schmidt, analamulidwa kukhala m'ndende zaka 7. Wa ku Ulaya anapatsidwa pulogalamu yatsopano, ndalama n'kuchita kuzimenyera kukhothi zaka zambiri. Zonse pamodzi nkhaniyi yadyera VW mayuro oposa 30 biliyoni.

Sinali VW yokha. Daimler, yopanga magalimoto a Mercedes-Benz, inalipitsidwa mayuro 870 miliyoni ku Stuttgart ku Germany mu 2019, ndipo mu December 2023 Cummins, kampani ya ku America yopanga injini, inavomera chindapusa cha madola 1.675 biliyoni pa injini za mapikapu a Ram. Malamulo anasintha: kuyambira September 2017 mitundu yatsopano ku Ulaya imayesedwanso pamsewu weniweni, n'chifukwa chake dizilo watsopano amabwera ndi thanki ya AdBlue (madzi ochepetsa NOx mu ekizosi) ndi masensa owonjezera, zodula zikawonongeka. Mu 2015 dizilo anali pafupifupi theka la magalimoto atsopano ogulidwa ku Ulaya. Pofika 2023 anali pafupifupi 14 peresenti.

Kutsika mtengo mukukuonako kuli ndi chifukwa chinanso. Pa magulu a malamulo a utsi a ku Ulaya, Golf imeneyo ndi ya Euro 5, yololedwa 180 mg ya NOx pa kilomita, pamene Euro 6 ndi 80 mg. Kukonza kuja sikunaikweze gulu. Ku London dizilo wosafika Euro 6 amalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse loyenda mu ULEZ (dera lolipiritsa magalimoto a utsi wambiri), imene kuyambira August 2023 inakuta maboma onse a mzindawo. Eni ake akuwataya, ndipo ena mwa magalimotowo ndi amene akukwezedwa pa sitima kulowera kwathu. Ngati wogulitsa alibe risiti ya EGR ndi umboni wa 23R7, chotsani mtengo wa ntchito ya EGR pa ndalama imene akutchula, akakana musiyeni.