Ngati munda ndi wa mayi, kuponderezedwa kwa akazi kukuchokera pati?

Nabanda:
Akuluakulu ndithandizeniko. Ndili chaka choyamba, tikuphunzira sociology ndiye atipatsa asaimenti ya maganizo a ma feminist, omenyera ufulu wa akazi aja. A lekichala akuti pafupifupi paliponse mphamvu zimakhala kwa amuna, zomwe akuti patriarchy zija. Koma ine zikundizunguza chifukwa kwathu ku Dowa mwamuna ndi amene amabwera chikamwini, munda ndi wa mayi, ana ndi a kuchikazi, banja likatha bambo amangonyamula chikwama chawo basi. Ndiye mkazi akuponderezedwa pati pamenepa? Kapena izi ndi nzeru za azungu zoti kuno sizigwira?

Mayi a Tadala:
Mng'ono wanga wafunsa bwino, koma tayang'anitsitsa. Pakhomo panu pakagwa mlandu amaitana ndani? Si amalume? Mwini mbumba ndi mwamuna, ndi amene amanena za ukwati wako, za maliro, za malire a munda. Ufumu umadzera kwa mayi inde, koma kawirikawiri wokhala pampando ndi mwana wamwamuna wa mlongo wa mfumu. Audrey Richards, amene anachita kafukufuku pakati pa Abemba ku Zambia, analemba mu 1950 za kulimbirana kumeneku, bambo akukoka uku malume akukoka uko, ndiye onse okokanawo ndi amuna. Komanso taganiza za fodya, munda wa mkazi, kusoka ndi kusankha mkazi ali pompo ndi mwana kumsana, koma wopita ku okushoni ndi bambo ndipo ndalama zimagwera mu akaunti yawo. Ndaona ndi maso anga azimayi akudikira kumudzi osadziwa kuti mabelo agulidwa zingati, zimandipweteka kwambiri.

Achimwene a ku Zomba:
Mayi, zambiri ndikugwirizana nanu koma tisachepetse chikamwini ayi. Mkazi amene ali pamudzi pawo, pa dothi lake, abale ali pafupi, sangafanane ndi amene anatengedwa chitengwa kapena wolowoledwa, amene mwamuna akamwalira achibale atha kumulanda katundu n'kumuuza kuti azipita. Pauline Peters anafufuza kuno ku Zomba zaka zambiri ndipo anaonetsa kuti minda imapitadi kwa ana aakazi, si zongonena pakamwa. Ndipo achemwali a Nabanda, funso lanu lomalizalo simuli nokha, Oyeronke Oyewumi wa ku Nigeria ananena kuti kwa Ayoruba akale chachikulu chinali msinkhu, wamkulu ndani wamng'ono ndani, ndipo kugawa anthu kwambiri potengera umuna ndi ukazi kunalimba ndi atsamunda. Ena amamutsutsa, komabe muikeni mu asaimenti yanuyo, a lekichala aone kuti aku Africa nawonso analingalira zimenezi.

NyaGondwe:
Ine ndine wa kumpoto, kwathu ndi malowolo, ndiye za munda wa mayizo ndimangomva kwa anzanga. Chomwe ndingaonjezere ndi nthawi. Kaya ndi chikamwini kaya malowolo, amene amalawirira kumjigo, kukatola nkhuni, kuphika, kudikirira wodwala kuchipatala ndi ndani? Onse abwera kumunda limodzi, wina akukhala pansi kudikira nsima wina akuyamba ntchito yachiwiri yopanda malipiro. Arlie Hochschild analemba zomwezi mu 1989 za mabanja a ku America, koma ukawerenga umangoona ngati akunena amayi ako. Ndipo mtsikana amayamba ntchitozi ali pulayimale, mchimwene wake akuwerenga kapena ali kumpira, kenako tizidabwa kuti walephera mayeso.

China, akazi tonse sitivutika mofanana. Mayi wa ku Area 10 ali ndi wantchito, wantchitoyo nayenso ndi mkazi wosiya ana ake ku Mtandire. Ndi zomwe Kimberlé Crenshaw, katswiri wa zamalamulo wa ku America, ankanena kuti ukazi umalukana ndi zina monga mtundu ndi umphawi. Malamulo tili nawo, la Gender Equality Act la 2013 loti pasakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, ndipo mu 2017 anasintha malamulo a dziko kuti ukwati uziyambira zaka 18, koma zinatengera anthu olimba mtima ngati Inkosi Kachindamoto ku Dedza kuthetsa maukwati a ana mudzi ndi mudzi, makolo ena akukwiya nawo.

Nabanda:
Zikomo kwambiri nonse, za amalumezo zandikhudza, kwathu ndi choncho ndendende. Weekend ino ndikupita kumudzi ndikawafunse agogo kuti munda wakudambo uja atafuna kubwereketsa angachite okha kapena mpaka amalume avomere. Achimwene a ku Zomba, za Peters zo ndingazipeze ku laibulale kapena pa intaneti?