Makatiriji akale a Neo Geo: tigule kapena tiwasiye?

Che Amidu: Moni nonse m'gulu muno. Munthu wina wobweretsa katundu kuchokera ku Johannesburg ali ndi bolodi la Neo Geo MVS, makina a magemu a kampani ya ku Japan ya SNK, lolowa katiriji imodzi (kabokosi konyamula gemu), ndi makatiriji asanu ndi imodzi: Metal Slug, Metal Slug 6, The King of Fighters '98, The King of Fighters 2002, Puzzle Bobble, ndi ina yolembedwa 161 in 1. Akuti zonse ndi zenizeni ndipo zipite pamodzi, sagulitsa imodziimodzi. Zikufunika m'kabati yoponya makobidi pamalo osewerera anyamata kufupi ndi depoti pa Boma. N'zogulika izi?

Yusufu: Che Amidu, mawu oti zonse ndi zenizeni agwa kale tisanatsegule chilichonse. Metal Slug 6 yeniyeni inatuluka 2006 pa makina a Atomiswave, siinatulukepo pa Neo Geo. SNK inayamba MVS mu 1990 ndipo gemu yomaliza inali Samurai Shodown V Special ya 2004. Katiriji ya MVS yolembedwa Metal Slug 6 ndi Metal Slug 3 yosinthidwa ndi anthu a feki. Ya 161 in 1 nayo SNK siinapangepo. Ndiye ziwiri mwa zisanu ndi imodzi ndi feki basi. Mwina wogulitsayo naye anangouzidwa, koma mtengo utsike kuyambira pamenepo.

Mayi Esinati: Zinayi zotsalazo musaweruze ndi pepala lomata kunja, pepala aliyense amasindikiza. Tsegulani. Masulani masikuluwu akumbuyo, chigobacho muchitsegule pang'onopang'ono kuti pepala la pamsana lisang'ambike. M'kati mupeza mabolodi awiri. Lina limalembedwa PROG, limanyamula ma IC (tizipangizo takuda ta miyendo yambiri) a P, omwe ndi pulogalamu ya gemu, ndi a V, omwe ndi mawu ndi maphokoso ojambulidwa. Linalo limalembedwa CHA, limanyamula a C a zithunzi za anthu ndi malo, S ya zilembo ndi manambala a pa sikirini, ndi M yoyendetsa nyimbo.

Muone zinthu izi. Pa mabolodi onse awiri payenera kukhala dzina la SNK. Ma IC akuluakulu akhale akuda opanda kazenera ka galasi pamwamba (a kazenera ndi otheka kufufuta n'kulembanso), ndipo iliyonse ikhale ndi nambala ya gemuyo yodindidwa ku fakitale. Metal Slug ndi 201, choncho muwerenga 201-P1, 201-C1, 201-V1 motero. The King of Fighters (KOF) '98 ndi 242, KOF 2002 ndi 265. Mukapeza nambala yolembedwa ndi cholembera pa kapepala komata pamwamba pa IC, kapena timabolodi ting'onoting'ono towotcherera pamwamba pa bolodi lalikulu, kapena mawaya oyenda uku ndi uku omatidwa ndi guluu, imeneyo siinachoke choncho ku Japan.

Twaibu: Amayi, pa Puzzle Bobble pokha pasakhale kufulumira. Nambala yake ndi 083, koma yeniyeni imapezeka ndi ma IC ena olembedwa 068, chifukwa anagwiritsa ntchito zotsala za gemu ya Power Spikes II. Munthu akhoza kukana chinthu chabwino poganiza kuti wagwira wakuba. Komanso IC imodzi ya kazenera pa bolodi la SNK si umboni wa feki. Nthawi zina amakhala munthu anakonza IC imodzi yomwe inafa.

Mayi Esinati: Zoona achimwene. Imodzi kapena ziwiri ndi kukonza. Zonse zikakhala za kazenera pa bolodi la SNK, ndiye kuti anatenga gemu yotchipa, anazula ma IC ake onse, n'kuikamo gemu yodula. Imasewereka, koma isagulidwe pa mtengo wa yeniyeni.

A Phiri a ku Monkey Bay: Ine ndikutsutsa nkhani yonseyi. Mwana woponya kobidi safunsa ngati IC ili ndi dzina la SNK. Akufuna amenyane ndi mnzake basi. Bokosi la magemu lotchedwa Pandora limalowa pa waya yemweyo wa JAMMA, wolumikiza bolodi ndi kabati, lili ndi magemu mazanamazana, n'latsopano, limatulutsa chithunzi pa VGA kapena HDMI molunjika. MVS imatulutsa chithunzi cha mtundu wakale, RGB ya 15 kHz, yomwe sikirini ya kompyuta siilandira, ndiye pafunikanso kabolodi kosinthira ngati GBS-8200. Zinthu za zaka pafupifupi 30 zikafa kuno ku Mangochi, zosinthira muzipeza kuti? Ngakhale ku Limbe simungayende m'sitolo n'kufunsa IC ya m'katiriji ngati NEO-CMC. Ndalama ya bizinesi isalowe m'zinthu za osunga zakale.

Yusufu: A Phiri, pa zosinthira mwalasa. Koma kulimba musakuchepetse. Ma IC akuda aja pulogalamu inalowa popanga penipeni, siifufutika ndi nthawi. Chimene chimavuta pa katiriji yeniyeni kawirikawiri ndi mano ake olumikizira ku bolodi akada ndi fumbi, osati gemu kufa. Pandora imayendetsa magemu mongotengera, ena amachedwa kuyankha batani, ndipo anyamata odziwa KOF amazindikira msanga kombo, kumenya kotsatizana, ikamakana kutuluka. Khadi yake ya memore ikawonongeka magemu onse apita limodzi. Pa MVS katiriji imodzi ikavuta mumazula n'kuika ina, kabati ikupitiriza kulowetsa ndalama.

Che Amidu: Nanga ya 161 ija? Kunena zoona ndi imene ikukopa kwambiri, magemu ambiri pa katiriji imodzi.

Mayi Esinati: Imeneyo ndiyo yofunika kuopa kuposa zonse. MVS imayenda ndi 5V. Makatiriji ambiri a mtundu umenewo ali ndi ma IC a flash opangidwira 3.3V, ndipo ambiri anawalumikiza ku mizere ya 5V popanda ma IC otsitsa mphamvu pakati. Zotsatira zake mphamvu yopitirira imathawira m'kati mwa IC, IC imatentha, ndipo ma IC a bolodi lanu lalikulu amakoka katundu woposa umene anapangidwira. Sizipsa tsiku lomwelo. Zimatha kuyenda miyezi, kenako zithunzi ziyamba mizere, mawu ayamba kusosola. Tsono ganizirani kabati yotseka, pansi pa malata, mwezi wa Okutobala kuno kunyanja, yoyaka kuyambira m'mawa mpaka usiku. Imakokanso magetsi ambiri kuposa katiriji wamba, choncho 5V imatsika, munthu n'kukweza pa pawa saplayi, mawa aika katiriji yeniyeni osatsitsanso, mphamvu yakwera. Komanso 161 yo si magemu 161 osiyana. Ambiri ndi gemu imodzimodzi yobwerezedwa ndi tosintha pang'ono.

Twaibu: Pali zina zatsopano zomwe anakonzako mbali ya magetsi, koma kunja zimafanana. Osatsegula simungadziwe. Ngati mwaitenga, ikhale yaulere pamwamba pa zinazo, ndipo musaisiye m'kabati ya tsiku lonse.

A Phiri a ku Monkey Bay: Chabwino, tinene kuti Che Amidu aumirira. Ayese bwanji asanapereke ndalama? Chifukwa wogulitsa amayatsa mphindi imodzi, dzina la gemu laoneka, akuti mwaona ikugwira.

Yusufu: Mphindi imodzi siikwana. Choyamba zimitsani magetsi musanalowetse kapena kuzula katiriji, nthawi zonse. Pa chigoba pali muvi, ulunjike mbali imene muvi wa pa bolodi ukuloza. Katiriji ya MVS imatha kulowa chotembenuza, ndipo ikatero magetsi amapita pa mano olakwika. Mukayatsa n'kuona sikirini ya mizere yopingasana ngati sefa, bolodi silinaione katiriji: mano ndi akuda kapena siinakhale bwino, kapena vuto lili ku P.

Ikayamba, ponyani kobidi musewere ndithu mphindi 20 kapena 30, mudutse magawo angapo, chifukwa IC iliyonse ya C imasunga zithunzi zake. Gawo loyamba likhoza kuoneka bwino pamene lachitatu lili ndi mabala. Mizere yoimirira yodutsa pa anthu ndi pa malo ndi mbali ya C. Zilembo, nthawi ndi mzere wa moyo zikasokonekera koma anthu ali bwino, ndi S. Kukhala chete kwathunthu ndi M kapena mbali ya Z80, IC yoyendetsa mawu, pa bolodi lalikulu. Nyimbo ilipo koma mawu a anthu ndi kulira kwa mfuti zikusosola, ndi V. Mukaona vuto, ikani katiriji ina. Likatsalabe, wodwala ndi bolodi lalikulu, osati katiriji.

Mayi Esinati: Ndipo musathamangire kunena kuti yafa musanatsuke. Katiriji ya MVS ili ndi mano 240, 120 pa bolodi lililonse, dzino limodzi lakuda likwanira kubweretsa mizere. Pukutani ndi thonje lonyowetsa isopropyl ya 90% kapena kuposa, mpaka thonje lizituluka loyera. Pouma litsiro gwiritsani labala yoyera ya pensulo, kenako isopropyl kachiwiri. Sandipepa ayi, imachotsa golide wopyapyala wa pamwamba ndipo ndi chinyezi cha kunyanja kuno mkuwa wotsalawo uchita dzimbiri msanga. Sipiriti wofiirira wa m'sitolo amasiya zotsalira. Kuuzira ndi pakamwa n'kuthira malovu pa mano.

Poona ntchito ya amene anakonza kale, yang'anani mtovu. Wowala, wosalala, wokwera mwendo wa IC bwinobwino, ndi dzanja la munthu wodziwa. Wotuwa, wa mibulu, bolodi lopserera mozungulira, timizere ta mkuwa totukuka, ameneyo anazula IC ndi chowotcherera chotentha kwambiri, ndipo mabowo olumikiza mbali ziwiri za bolodi akhoza kukhala oduka m'kati. Waya mmodzi woonda wolumpha pamene mzere unaduka ndi kukonza kovomerezeka, bola akhale waufupi ndi womatidwa. IC ya kazenera ikhale yotsekedwa ndi kapepala kosalola kuwala, chifukwa kuwala kwa dzuwa kumafufuta zomwe zili m'kati pang'onopang'ono.

Twaibu: KOF 2002 muiyang'anitsitse kuposa zinzake, ndi imodzi mwa zomwe anazikopera kwambiri. Yeniyeni ili ndi ma IC a chitetezo, NEO-CMC pa bolodi la CHA ndi NEO-PCM2 pa la PROG. Akasowa amenewo ndi feki. Pa sikirini pakatuluka mawu oti Plus kapena Magic Plus, ndi yosinthidwa. Ndipo ma IC amenewo akafa sagulidwa paokha, mpaka kupha katiriji ina.

Che Amidu: Bolodi lalikululo ndiliyang'ane pati?

Yusufu: Pa batire. Mabolodi ambiri a MVS ali ndi batire lotchajika la 3.6V losunga nthawi ndi mawerengero a makobidi. Likakalamba limatuluka madzi amene amadya mizere ya mkuwa. Mukaona zobiriwira kapena zoyera ngati mchere mozungulira batire, tsatirani mizere yonse ya pafupi ndi mita yoyezera magetsi, muone ngati ikulira kusonyeza kuti mzere sunaduke. Uthenga wa BACKUP RAM ERROR, kapena sikirini yongoima pa mtundu wobiriwira, kawirikawiri zimachokera dera limenelo. Batire lakale lidulidwe tsiku lomwelo, gemu imayenda popanda ilo. Mukafuna kuika batire lophwaphwathala la CR2032, chotsani kaye rezisita ya njira yotchajira, chifukwa CR2032 siitchajidwa, ikhoza kutupa kapena kuphulika. Bolodi longoti thi thi thi, sikirini ikuphethira osayamba, lisiyeni pokhapokha akupatseni pa mtengo wa zophwasula.

A Phiri a ku Monkey Bay: Pa magetsi ndiye ndilankhule, chifukwa apa pali moyo wa ana a eni. Athu a ESCOM ndi 230V. Pawa saplayi yochokera ku Japan kapena ku America ikhoza kukhala ya 100V kapena 110V, ina ili ndi kaswitchi kosankhira. Onani musanalowetse pulagi. Yezani 5V pa mano a JAMMA katiriji ili m'kati: 1 ndi 2 ndi GND, 3 ndi 4 ndi 5V, 6 ndi 12V. Ikhale pakati pa 5.0 ndi 5.1, isafike 5.25. Pa dzino la 7 pamayenera kukhala kotchinga koletsa kulowetsa chotembenuza, ndipo mawaya ambiri otchipa amabwera opanda. Lembani mbali ya pamwamba ndi penti.

Kabati ikhale ndi waya wa ethi, wothawitsira magetsi pansi, wofika pa chitseko cha makobidi ndi pa chitsulo cha mabatani. Ana kuno amabwera osavala nsapato, ena kuchokera kumadzi, n'kuima pa simenti. Ngati muli sikirini yakale ya chubu, kumbuyo kwake kumakhala mphamvu yoposa 20,000V ndipo ina imatsalira ngakhale mutazimitsa. Osadziwa kuitsitsa asalowetse dzanja. Magetsi akazima zulani pulagi, mubwezere atakhazikika, ndipo pa jenereta musalumikize popanda choteteza.

Mayi Esinati: Muikenso fani yotulutsa mpweya wotentha kumwamba kwa kabati, ndi sefa ya waya pa mabowo onse. Mphemvu ndi abuluzi amakonda kufunda kwa pawa saplayi, makoswe amadya mawaya a mabatani.

Che Amidu: Ndamva. Ndimuuza abwere nazo ku shopu ya Mayi Esinati Loweruka, titsegule zonse pamaso pake. Airtel Money ituluka tikatha kuyesa.

Twaibu: Akakana kuti zitsegulidwe musakangane naye, ingomusiyani. Akavomera, werengerani mtengo pa Metal Slug, KOF '98 ndi Puzzle Bobble ngati manambala agwirizana, KOF 2002 podikira kuona ma IC aja. Funsaninso ngati bolodilo ndi MV-1FZ, MV-1B kapena MV-1C. Pa MV-1C katiriji imaima chilili, ndiye muyeze malo m'kabati musanakhome shelefu.

A Phiri a ku Monkey Bay: Ine maganizo anga sanasinthe, ya bizinesi ndi Pandora. Koma Loweruka ndibwera ndi mita yanga, ethi ya kabatiyo ndiiyeze ndekha.